Kalulu ndi Bowo Lachisanu ndi Chiwiri

Padangokhala!

Tili tonse!

Panali Kalulu. Kwawo kunali ku Ntcheu, koma mabodza ake anali atadziwika mudzi wonse, moti ngakhale ana a Nyani ankamutsirizira bodza iye asanafike nalo pakati. Ataona kuti nzeru zake zasowa msika, anamanga kathumba ka usipa ndi ndowa ya mpunga wa Kilombero, nakwera basi pa Wenela. Anadutsa Mwanza, anaoloka Zambezi pa Tete, analowa Zimbabwe pa Nyamapanda, anagona pamzere pa Beitbridge, ndipo m'mawa wina wozizira wa chaka cha 2015 anatsikira pa Park Station mu Johannesburg, kumene kwathu timangoti ku Joni.

Poyamba anayesa geni yachilungamo, izi tizinene kuti mbiri yake isaipe mopitirira. Anayala mpunga ndi usipa m'mbali mwa msewu ku Yeoville. Koma wogula mpunga ndi wovuta. Amautapa m'manja, amaununkhiza, amaluma njere imodzi, kenako nkukuuza kuti kwa mayi wa pakona paja ndi wotchipa. Chimene wogula akuchiona ndi maso amachidziwanso mtengo. Pasanathe nthawi Kalulu anadya yekha mpamba wake, nayamba ganyu yokankhira anthu matrole pamalo oimika magalimoto.

Chaka chomwecho masitolo a Pick n Pay anayamba kupereka tizidole totchedwa Stikeez. Tinali tinthu tosaposa chala chachikulu, tokhala ndi kamphira pansi komatirira pagalasi kapena patebulo. Mitundu yake inalipo 24, ndipo ukagula katundu wa R150 ankakupatsa kamodzi, kotsekeredwa m'kapaketi kosaonekera m'kati. Tsiku lina Kalulu, ali chilili kuseri kwa matrole, anaona mayi wina katundu wake atakwana R280. Mwana anamukoka siketi. Mayiyo anayang'ana trole, anayang'ana mwana, natola chokoleti cha R20 chimene sanachibwerere nkomwe, kuti ndalama ikwane R300 ndipo tizidole tikhale tiwiri. Panja, mwana anang'amba kapaketi koyamba, nkhope nkuwala. Anang'amba kachiwiri, nkhope nkugwa, poti kameneko anali nako kale. Analira mpaka kulowa m'galimoto. Chokoleti chinatsala m'trole, Kalulu nadya.

Usiku umenewo anawerengera pansi ndi kamtengo. Mitundu ikakhala 24, iwe nkumatola mwakhungu popanda wosinthana naye, umafunika timapaketi pafupifupi 90 kuti yonse ikwane. Ndiye kuti katundu wa R13,500. Ndipo tauni yonse inkati tizidoleto ndi taulere. Chaka chotsatira, mu 2016, a Checkers nawo anatulutsa Little Shop, tizifanizo ta katundu wa m'masitolo awo omwewo, ndipo abambo a ndevu zawo ankakumana kusinthanitsa timabotolo tating'ono topanda kanthu m'kati. Kalulu anagwira pakamwa. Iye ankadziwa kuti mwini katundu ndiye amalipira kuti anthu aone chithunzi cha katundu wake. Apa ogula ndiwo ankalimbirana chithunzicho kuti akachisunge kunyumba.

Chimene sanamvetse ndi kapaketi kotseka kaja. Anakafunsa kwa Nkhunda ya ku Joubert Park, yachikulire, yoduka zala ziwiri, imene inkadziwika kuti inaphunzira.

"Mayi Nkhunda, bwanji munthu amakonda chimene sakuchiona kuposa chimene akuchiona?"

"Mwafunsa pamalo pake, achimwene," inatero Nkhunda ikudzikuna. "Makolo athu anagwira ntchito ku Harvard, ku America, kwa mzungu wina dzina lake B. F. Skinner. Mpaka buku analemba za ife mu 1957, iye ndi mnzake Ferster. Ankatitsekera m'bokosi momwe munali kabatani. Ukajompha, njere imagwa. Zikakhala kuti kujompha kulikonse kukugwetsa njere, ndiye njerezo zikasiya kugwa nawenso umasiya msanga, poti waona kuti zatha. Koma akakonza kuti njere izigwa mosadziwika, pena ukajompha katatu, pena kakhumi, pena kambirimbiri, pamenepo supuma. Ngakhale atatseka njere zonse umajomphabe, poti mtima umati mwina ndi ulendo uno."

"Ndiye inu a Nkhunda, podziwa zonsezi, palibe angakupusitseni."

"Ine? Asayese n'komwe."

Kalulu anathokoza, nasunga mawuwo zaka khumi. Pa zinthu zazing'ono Kalulu amathamanga, koma pa zazikulu amadziwa kubisala pachitsamba.

Mu 2025 anayamba kuona kanthu kaubweya kakulendewera pazikwama za atsikana ku Rosebank ndi ku Sandton City. Maso aakulu, mano 9 akuthwa, makutu aatali oimirira. Dzina lake Labubu. Kalulu atakaona koyamba anapsa mtima. "Makutu angatu awa! Anthu akudyera makutu anga ine ndikukankha trole!" Anafufuza, ndipo anamva kuti anakajambula ndi Kasing Lung, wobadwira ku Hong Kong nakulira ku Netherlands, ndipo ogulitsa ake ndi kampani ya ku Beijing yotchedwa Pop Mart. Kanakhala zaka kakudziwika kwa ochepa, mpaka mu 2024 woimba wotchuka, Lisa wa gulu la Blackpink, anaoneka nako. Basi dziko linapenga. Amakagulitsa m'bokosi lomata, mitundu isanu ndi umodzi yodziwika, kuphatikiza kamodzi kachinsinsi kamene kamapezeka m'bokosi limodzi pa mabokosi 72. Mu May 2025 kampaniyo inayamba yaimitsa kugulitsa tizidoleto m'masitolo ake a ku Britain chifukwa anthu ankamenyana pamzere. Mu June, chidole chimodzi chachikulu ngati munthu chinagulidwa pa okushoni ku Beijing pa ndalama za ku China zokwana 1.08 miliyoni yuan. Tabodza tinali titadzaza kale m'misika, ndipo tinali ndi dzina lawolawo, Lafufu.

Kalulu anavula chovala chake cha matrole, nachipachika pampanda.

Misewu ya ku Parkview ndi Kensington ili ndi mitengo ya jakaranda mbali zonse, ndipo makoko ake amagwa pansi nkumapondedwa ndi aliyense. Khoko la jakaranda ndi lobulungira, lophwatalala, ndipo likauma limayasama. Kalulu anatola matumba atatu. Anagula tipeksi wolembera mano, kyuteksi wa mitundu isanu ndi umodzi, ndi bulangete lakale lodulapo makutu. Timabokosi anadula ku makatoni otayidwa kuseri kwa Dragon City. Kanthuko anakatcha Kamano, tambiri Timano. Panali Kofiira, Kobiriwira, Kachikasu, Koyera, Kakuda ndi Kabuluu. Pa timabokosi 72 tilitonse ankaikamo kamodzi kopaka utoto wonyezimira, Kagolide, poti Joni ndi mzinda wa golide. Ndipo ankakaikamodi. Mfundo imeneyi muisunge.

Tsiku loyamba anayala tebulo pafupi ndi Zoo Lake, kamodzi atakatsegula kuti ogula aone. Mbuzi anaima, nanunkhiza.

"Si khoko la jakaranda ili?"

"Ndi Kamano, mayi. R50 yokha."

"Kwathu ndimasesa zimenezi m'mawa uliwonse."

Tsiku lonse sanagulitse ngakhale kamodzi. Madzulo anabisa kotsegula kaja, nalowa mozemba ku Johannesburg Zoo, kwa Nyamalikiti. "Dona," anatero atavula chipewa, "pali kamphatso kamene kakusowa khosi loyenera." Nyamalikiti sanayankhe. Iye sayankhula kawirikawiri, ndipo nyama zambiri zimayesa kuti kukhala chete kwakeko ndi kuganiza mozama. Anangoweramitsa khosi, Kalulu namangirira Kagolide. M'mawa mwake aliyense wodutsa mu Jan Smuts Avenue ankaona kanthu kakunyezimira m'mwamba, pamwamba pa mpanda. Hadeda, mbalame yaphokoso ija imene imadzutsa Joni yense m'bandakucha, inauluka denga ndi denga ikukuwa kuti, "Mwakaona? Mwakaona?" Kuti n'chiyani, Hadeda sinadziwe, ndipo sinafunse.

Kenako Kalulu analemba ganyu anyani khumi, malipiro nthochi ziwiri aliyense, kuti aziima pamzere kuyambira 4 koloko m'mawa. Awiri anawawonjezera nthochi yachitatu kuti azikankhana. Nyama ikaona mzere imayamba yaimapo, mafunso pambuyo. Pofika 7 koloko mzere unali utazungulira nyanja. Kalulu anagulitsa timabokosi 20, naimirira pampando nkukuwa kuti, "Za lero zatha!" Matumba awiri ndi theka anali pansi pa tebulo, ataphimbidwa ndi chitenje. Pa obwerera manjamanja tsiku limenelo panali Mbuzi, ndipo mawa lake anafika 3 koloko. Panalinso Nkhunda ya ku Joubert Park, imene inati yabwera kudzachita kafukufuku.

Nzeru yaikulu ya Kalulu sinali mzere. Wogula aliyense ankamupatsa kathabwa kaulere, kokumbidwa mabowo asanu ndi awiri, bowo lililonse dzina lake litalembedwa pansi. Wopanda kathabwa akagula Kamano kamodzi amakhala ndi chinthu chimodzi. Wa kathabwa akagula kamodzi amapita kunyumba akusowa zinthu zisanu ndi chimodzi.

Tsopano kunali Fisi, wa ku Dedza, mlonda wa usiku pa geti lina ku Randburg. Ankagona ku Hillbrow, m'chipinda chogawa pakati ndi katani, mbali inayo kukugona Nkhandwe ndi banja lake. Mwezi ukatha ankatumiza ndalama pa Mukuru kwa mkazi wake ndi ana atatu amene anali asanawaone zaka zinayi. Atamva za Timano anaseka mpaka kugubuduka, monga mudziwa kaseka ka Fisi. Koma mlonda mnzake anabwera kuntchito Kofiira kakulendewera pa lamba, ndipo eni nyumba amene kale lonse ankangoliza hutala osayang'ana mlonda anatsitsa galasi nkumufunsa kuti anakapeza kuti. Fisi anaona zimenezo.

"Mphwanga, ndipatse kamodzi. Ndi ka mwana kumudzi."

"Sankhani nokha, malume. Dzanja lanu ndilo lidziwa."

Fisi anatenga kabokosi kena nakagwedeza pakhutu. Anakabweza. Anatenga kena, nakayeza kulemera m'dzanja, nakanunkhiza m'mphepete mwa selotepi. Timabokosi tonse tinali tofanana, koma Kalulu sankamufulumiza, poti ankadziwa kuti amene wasankha yekha akalephera amadzudzula dzanja lake, osati wogulitsa. Fisi analipira, nayenda mpaka pansi pa mtengo, nakhala. Sanatsegule msanga. Kuchokera patebulo kukafika pamtengo paja, Fisi anali mwini wa Kagolide. Anadziona akulowa pageti kakunyezimira pachifuwa, magalasi a magalimoto onse akutsika. Analowetsa chikhadabo pansi pa selotepi, mtima ukugunda mpaka m'makutu, nang'amba pang'onopang'ono. Munali Kobiriwira. Anakayang'ana kanthawi, kali ndi mano ake a tipeksi, nakaika pabowo lake. Kenako anayang'ana mabowo enawo.

Bowo lopanda kanthu lili ngati gweru m'kamwa: mano ena onse alipo, koma lilime limangopita pomwepo. Mitundu itatu yoyamba inabwera msanga, Fisi nadziona wamwayi. Wachinayi ndi wachisanu inachedwa. Wachisanu ndi chimodzi, Kabuluu, unamuzunza, poti ukatsala ndi mtundu umodzi, mabokosi asanu mwa asanu ndi limodzi amakubwezera zimene uli nazo kale. Kobiriwira anali nato tisanu ndi tiwiri. Tsiku lina Njiri, amene anaima patsogolo pake penipeni, anatsegula kabokosi pomwepo nkupeza Kagolide. Mzere wonse unaphulika. Fisi anagwira mutu. "Kabokosi kameneko ndinakagwira dzulo! Ndinakagwedeza ine!" Kuphonya pafupi chotere sikunamufooketse. Tsiku limenelo anagula tisanu.

Za Njiri tinene mwachidule. Anasangalala masana amodzi. Kuvala Kagolide ankaopa, poti ku Joni chonyezimira sichiyenda mtunda wautali, ndiye anakakulunga m'sokosi nakabisa kudzenje. Kathabwa kake kanali kodzaza, ndipo m'mawa analibenso chodzukira. Anaonda. Anachira sabata imene Kalulu anatulutsa Timano tatsopano ta makutu opindika, ndi kathabwa kenanso ka mabowo asanu ndi awiri.

Fisi atafika mabokosi 20 anasiya kunena kuti ndi za mwana. Anayamba kunena kuti ndi mpamba. Nyama zinali zitayamba kugulitsana zokhazokha: Kabuluu R400, Kagolide R3,000, ndipo mtengo unkakwera chifukwa wogula aliyense ankayembekeza wina womugula mawa. Nkhandwe atamufunsa kudzera pakatani kuti bwanji osangosiya, Fisi anati, "Ndisiye pano, ndalama zonse ndalowetsazi zipite pachabe?" Ndiye pofuna kupulumutsa zimene zinapita anaponyamo za chipereganyu. Zitatha anakatenga katapila kwa Ng'ona. Mwezi umenewo ku Dedza foni sinalire.

Kenaka kunabuka Timano tabodza. Khoswe ankatigulitsa mu Small Street pa R15, ta mano 10, makutu opendekeka. Kalulu analira pagulu, misozi mbwembwembwe, naphunzitsa nyama kuwerenga mano kuti zisabedwe. Kuyambira pamenepo nyama zikakumana m'tekisi zinkayamba zawerengana mano a Timano zisanapatsane moni. Wa mano 10 ankabisa kake m'thumba, nkukaima pamzere kuti achotse manyazi. Amene anali ndi tenitenito anayamba kuyenda chifuwa patsogolo, poti chinthu chikafika pokhala ndi chabodza chake ndiye kuti ndi chamtengo. Chimene palibe anaona n'chakuti Lachisanu lililonse usiku Khoswe ankabwera kuseri kwa Dragon City kudzatenga makoko m'thumba lomwelo la Kalulu, nkusiya kaenvulopu.

Pa nyama zochepa zimene sizinagule, imodzi inaonetsetsa kuti zimenezo zidziwike. Ameneyu anali Fulu, gogo wa ku Melville Koppies, wa magalasi pamphuno. M'mawa uliwonse ankayenda ulendo wake wautali kudzaima tsidya lina la msewu, moyang'anizana ndi mzere, pamodzi ndi Kadzidzi ndi Nungu. Ankapukusa mitu pamodzi. "Chikomekome cha nkuyu," ankatero Fulu mokweza, "m'kati muli nyerere." Zimene ankanena zinali zoona zokhazokha, ndipo ankazinena bwino. Koma panali kanthu kamene kankamudya. Nyama imene yakana Kamano chifukwa cha nzeru imaoneka chimodzimodzi ndi nyama imene ilibe R50. Tsiku lina Gwape, mtsikana waulemu wake, anaoloka msewu, nagwada.

"Gogo, ndimakuonani tsiku ndi tsiku mukungoyang'ana. Zinthu zavuta eti? Ine ndili nato tiwiri Tachikasu, tengani kamodzi."

Fulu analowetsa mutu m'chigoba, ndipo sanautulutse mpaka madzulo. Kalulu, ali patebulo lake, anaona zimenezo.

October atafika, jakaranda anachita maluwa, misewu nkusanduka yapepo. Masana ena kunagwa mvula ya matalala, monga ichitira ku Joni nyengo imeneyo, ndipo chingwe cha pakhosi pa Nyamalikiti chinaduka. Kagolide kanagwera m'matope. Nyamalikiti anakaponda osadziwa, ndipo sanafunse kena. M'mawa Hadeda inayang'ana khosi lija, inaona lili mbee, niuluka denga ndi denga ikukuwa kuti, "Zatha fasho! Zatha fasho!" Ana a nyama, amene zonsezi zinkanenedwa kuti ndi zawo, anali atasiya kale, akusewera ndi tizitsekero ta mabotolo. Onse amene ankasunga Timano ngati mpamba anatulukira tsiku limodzi kudzagulitsa, ndipo wogula panalibe. Kabuluu kanatsika kuchoka pa R400 kufika pa R40, kenako pa "ingotengani".

"Zinachitikanso ku America," inatero Nkhunda, itakhala pa mulu wa Timano take 31. "Kunali tizidole totchedwa Beanie Babies, ta bambo wina Ty Warner. Anthu ankatisunga kuti tidzalipirire ana sukulu. Mu 1999 ku Las Vegas banja lina likutha, mwamuna ndi mkazi anagwada pansi m'khoti kugawana tizidoleto kamodzikamodzi pamaso pa woweruza. Posakhalitsa mitengo inagwa. Ine zonsezi ndimazidziwa."

Fisi anali atagula mabokosi 72 ndendende, ndipo Kagolide sanakapeze. Anakasuma kwa Mkango. Bwalo linakhala pa udzu wa ku Zoo Lake, nyama zonse zilipo, Ng'ona ali m'madzi maso okha kunja, akudikira ndalama zake.

"Mfumu," anatero Fisi, "pabokosi analemba kuti kamodzi pa 72. Ndagula 72. Kali kuti?"

Mkango anaitana Kangaude, amene amadziwa masamu. Kangaude anati kamodzi pa 72 sindiye kuti wogula 72 wakapeza, poti bokosi lililonse limayamba mwayi wake pachiyambi, silikumbuka kuti dzulo unaluza. Pa afisi atatu ogula mabokosi 72 aliyense mwapatalipatali, mmodzi amabwerera wopanda.

Kalulu anaimirira, manja kumbuyo. "Malume, ndinanenapo kuti ndi golide weniweni?"

"Ayi."

"Ndinanenapo kuti mtengo udzakwera?"

"Ayi."

"Bokosi ankakusankhirani ndani?"

"Ndekha."

"A Njiri, Kagolide kaliko kapena kulibe?"

"Kaliko," anatero Njiri. "Kali m'sokosi."

Mkango anatembenukira kwa Fisi. "Nanga iwe, chikhalirecho ukudziwa kuti ndi khoko la jakaranda, unkagulanji?"

Fisi anakhala chete nthawi yaitali. "Mfumu, moyo wanga ndimaudziwa wonse. Lolemba geti, Lachiwiri geti, mpaka Lamulungu geti. Malipiro ndimawadziwa asanabwere, ndipo ndimadziwa tsiku limene athere. Nyumba zimene ndimalondera sindidzagonamo. M'sabata yonse, kabokosi kaja kokha ndi kamene sindinkadziwa m'kati mwake."

Palibe anaseka. Nyama zambiri zinayang'ana pansi, ndipo mkazi wa Mkango anakankhira chikwama chake kuseri kwa mpando ndi phazi.

Pamenepo Fulu anapempha kuyankhula, ndipo anayankhula ola lathunthu. Anafotokoza za mzere wa anyani, za "zatha" wabodza, za kathabwa ka mabowo, za khosi la Nyamalikiti, zonse mwadongosolo lake. Anakumbutsa bwalo kuti iye ananena kuyambira tsiku loyamba, ndipo anatchula masiku amene ananena. Nyama zinawomba m'manja. Mkango anagamula kuti bodza lenileni silinapezeke, koma kuyambira tsiku limenelo Kalulu asadzagulitsenso chinthu chotsekera m'bokosi. Ngongole ya Fisi inatsala ya Fisi. Kalulu anawerama mpaka makutu kukhudza pansi, nati chigamulo chake n'chanzeru.

Lamulungu lotsatira, pamsika wa padenga ku Rosebank, panaoneka tebulo laling'ono loyalidwa nsalu yoyera. Panalibe bokosi, panalibe mzere, panalibe wokuwa. Panali makoko a jakaranda monga agwera mumtengo, opanda utoto, opanda mano, opanda makutu, lililonse pa kachingwe ka khonje, kuseri kwake kutalembedwa nambala yaing'ono ndi pensulo. Fulu anali kudutsa, akulandira moni uku ndi uku, poti chiyambire mlandu uja anali atatchuka. Anaima.

"Wayambanso, mdzukulu?"

"Ayi gogo, ndinalapa. Onani nokha, palibe chobisika. Ndi khoko basi."

"Ndiye ndani angagule khoko?"

"Izi sizogulitsa kwa aliyense. Fisi atabwera ndi R1,000 ndingamubweze. A Nkhunda ndawabweza m'mawa uno. Ndi za okhawo amene sanagule Kamano ngakhale kamodzi, ndipo ndapanga 50 zokha, poti oterowo m'tauni muno ndi ochepa." Kalulu anatsitsa mawu. "Zinandiwawa tsiku lija, gogo, Gwape akukuyesani wosauka. Nyama ya nzeru ngati inu iziyenda osadziwika? Nanga ana adzadziwa bwanji woti amutsanzire?"

"Ine sindigula zidole."

"N'chifukwa chake chikukuyenerani."

Fulu anakonza magalasi. Anatenga khoko limodzi, nalitembenuza. Linali losalala bwino, lopanda chinyengo chilichonse, ndipo kachingwe ka khonje kanagwirizana ndi mtundu wa chigoba chake.

"Zingati?"

"R150."

Fulu anatulutsa ndalama pansi pa chigoba pang'onopang'ono, Kalulu nam'mangirira khoko pakhosi. Gogo anayenda mapazi atatu, naima, nalitembenuzanso kuti aone nambala.

"Apa palembedwa 2."

"Eya, gogo. Nambala 1 atenga a Kadzidzi, anafika kusanache."

Fulu anayang'ana uku ndi uku, nasendera kufupi ndi tebulo.

"Kodi a Kadzidziwo," anafunsa monong'ona, "ukuganiza angaigulitse zingati?"